Mwafomata laputopu, Wi-Fi yasowa? Musathamangire kunena kuti kadi yafa

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Kawale. Akuti anagula laputopu ya HP yakaunjika m'tauni muno, cha ku Malangalanga, ndipo mnzawo atayifomata n'kuikamo Windows 10, kachizindikiro ka Wi-Fi kanazimiririka. Atsitsa madalaivala atatu (timapulogalamu tothandiza Windows kugwiritsa ntchito zipangizo za mu kompyuta), bandulo yatha, koma zii. Akufunsa ngati kadi ya Wi-Fi yafa.

Achimwene, ndikukayika. Ndikuona ngati mwakhala mukusaka dalaivala potengera dzina la laputopu, ndipo dzina limeneli limapusitsa. Malaputopu awiri a mtundu umodzimodzi, ina imakhala ndi kadi ya Intel, ina ya Realtek. Nanga zakaunjikazi, zomwe zadutsa m'manja ambirimbiri? Mwina wina anazula kadi yoyamba n'kubzalamo ina.

Musanapite patali, onani ngati airplane mode siyoyatsa, ndipo dinani Fn pamodzi ndi batani lomwe lili ndi kachithunzi ka mlongoti. Ine ndinathapo Loweruka lathunthu ndikulimbana ndi makina a mlamu wanga ku Area 25, chonsecho kunali kabatani ka m'mbali komwe mwana anakakankha.

Zikakanika apo, ifunseni kadiyo dzina lake. Dinani batani la Windows ndi R, lembani devmgmt.msc n'kudina Enter, Device Manager itseguka. Mu Device Manager yang'anani pa Other devices, mupeza Network Controller ili ndi kachizindikiro kachikasu. Ndi imeneyo: ilipo, yamoyo, kungoti Windows sikuidziwa. Dinani kumanja kwa mausi, pitani pa Properties, kenako Details, musankhe Hardware Ids. Pabwera mzere woyamba ndi PCI\VEN_. Manambala ndi zilembo zinayi zotsatira ndizo zimaulula kampani: 8086 ndi Intel, 10EC ndi Realtek, 168C ndi Qualcomm Atheros, 14E4 ndi Broadcom, 14C3 ndi MediaTek. Anayi ena otsatira DEV_ amanena mtundu weniweni wa kadi. Ajambuleni ndi foni, muwasake pa Google, dzina lituluka. Amene muli pa Ubuntu m'malo mwa Windows, lembani lspci -nn mu Terminal, ikuonetsani zomwezi.

Mudzati, nditsitsa bwanji popanda intaneti? Tengani chingwe chotchajira foni ya Android, lumikizani ku laputopu, yatsani USB tethering. Bandulo yanu ya Airtel kapena TNM ilowa mu kompyuta, ndipo kawirikawiri Windows Update imapeza yokha dalaivala. Ikalephera, pitani pa webusaiti ya HP, lembani nambala yomwe ili pa kapepala komatidwa kunsi kwa laputopu, musankhe dalaivala wogwirizana ndi kadi yanu. Ngati ndi Intel, webusaiti yawo ili bwino kwambiri. Timapulogalamu tolonjeza kukonza madalaivala onse nthawi imodzi ine sinditikhulupirira, timabwera ndi alendo osaitanidwa.

Koma ngati mu Device Manager mulibiretu kadi ya Wi-Fi, si pa Network adapters si pa Other devices, ndiye mwina kadi yakhwefuka kapena yafadi. Uzani okonza atsegule, aibwezeretse pamalo, aonenso timawaya tiwiri ta eriyo tomwe timakonda kusomoka. Ikakhala yafa, kachipangizo ka Wi-Fi kosomeka pa USB (dongle) kagwira ntchitoyo.

Manambala aja akakuzunguzani, nditumizireni chithunzicho ndikuwerengereni.