Kodi GI Bill ingalipire maphunziro oyendetsa helikopita?

Achimwene, mwanena kuti mwatsala ndi miyezi yochepa kuti mutuluke m'gulu la asilikali a ku America mutatumikira zaka zinayi monga makaniko wa mahelikopita, ndipo mukufunsa ngati ndalama za GI Bill, thandizo la boma lolipirira maphunziro a anthu amene anatumikira usilikali, zingakulipirireni maphunziro oyendetsa helikopita kuyambira poyamba mpaka kumapeto. Zingalipire ndithu, koma kuchuluka kwa ndalama zimene boma lingatulutse kumadalira khomo limene mwalowera, ndipo ambiri amazindikira zimenezi atasaina kale mapepala a sukulu.

Popeza mwatumikira miyezi yoposa 36 pambuyo pa 10 Sepitembala 2001, muli pansi pa Post-9/11 GI Bill, imene ena amaitchula kuti Chapter 33, ndipo mukatuluka ndi honorable discharge, ndiko kuti ndi mbiri yabwino ya utumiki, muyenera kulandira gawo lathunthu. Chimene boma limakupatsani ndi miyezi 36 ya maphunziro, ndiye muziwerengera miyezi m'malo mowerengera madola okha, chifukwa miyeziyo ikatha zonse zathera pomwepo ngakhale mutatsala ndi laisensi imodzi. Ubwino wake ndi wakuti lamulo la mu 2017 linachotsa malire a zaka 15 kwa onse amene anatuluka kuyambira pa 1 Januwale 2013, choncho palibe chokuthamangitsani.

Khomo loyamba ndi sukulu yophunzitsa kuyendetsa ndege basi, yopanda digiri. Nthambi yoona za asilikali opuma, ya VA, imalipira pokhapokha sukuluyo ili yovomerezeka pansi pa malamulo otchedwa Part 141 kapena Part 142 a FAA, nthambi ya boma yoyang'anira za ndege, komanso imafuna kuti mukhale kale ndi laisensi yoyamba, ya private pilot, imene mwailipira kuchokera m'thumba mwanu. Kuwonjezera apo pali malire a ndalama pa chaka. Anayamba ndi madola 10,000 mu 2011, amakwera pang'onopang'ono chaka ndi chaka, ndipo m'zaka za 2024 ndi 2025 anafika pakati pa 16,000 ndi 17,000 ndi kakuti. Mukaganizira kuti ola limodzi mu Robinson R22, kahelikopita ka mipando iwiri kamene masukulu ambiri amaphunzitsira, limadya madola mazana angapo, ndiponso kuti ulendo wonse kufikira pokhala mphunzitsi nthawi zambiri umapitirira madola 80,000, muona kuti ndalamayi ndi mchere wa ndiwo chabe. Pa khomo limeneli mulibenso ndalama ya nyumba kapena ya mabuku.

Khomo lachiwiri ndilo ndikanakulangizani kulowera: koleji kapena yunivesite ya boma imene ili ndi digiri ya zoyendetsa ndege, momwe maola ouluka ali mbali ya maphunziro a digiriyo. Kumeneko VA imalipira fizi yonse pa mtengo wa ophunzira a m'chigawocho pamodzi ndi mtengo wa maola ouluka amene silabasi yovomerezeka ikufuna, ndipo mumalandiranso ndalama ya nyumba mwezi ndi mwezi, yowerengedwa pa mlingo wa msilikali wa pabanja wa udindo wa E-5 malinga ndi dera limene kuli sukuluyo, kuphatikizapo madola ofika 1,000 pa chaka a mabuku. Mukasankha koleji imene si ya boma, malire amabwereranso, amene mu 2024 anali pafupifupi madola 29,000 pa chaka, ndipo pa maphunziro a helikopita imeneyo ndi ndalama yochepa.

Khomo lachiwirili lili ndi mbiri yake imene muyenera kuidziwa, chifukwa ndiyo ikufotokoza kukhwima kwa malamulo a lero. Makampani ena ophunzitsa mahelikopita ataona kuti ku makoleji a boma kulibe malire, anapangana ndi makolejiwo n'kuyamba kuphunzitsira asilikali opuma m'mahelikopita akuluakulu okwera mtengo. Mu 2015 nyuzipepala ya Los Angeles Times inaulula kuti boma linkalipira madola oposa 250,000 pa wophunzira mmodzi, ndipo pa ena ochepa bilu inadutsa 500,000. Zitatero VA inayamba kukhwimitsa lamulo la 85/15, lonena kuti ophunzira olipiriridwa ndi VA asapitirire 85 pa 100 alionse m'pulogalamu imodzi, ndipo mapulogalamu ena analetsedwa kulembetsa asilikali atsopano. Inakhwimitsanso nkhani ya laisensi yoyamba ija pamene koleji ikuchita kubwereka kampani yakunja kuti iziphunzitsa. Pa chifukwa chimenechi, musanalembetse funsani mafunso awiri kwa wogwira ntchito za VA pa kolejiyo, amene amatchedwa School Certifying Official, osati kwa wotsatsa malonda wa sukulu: kodi private pilot ikulipiridwa ndi VA pa pulogalamuyi, nanga pali mndandanda wodikira chifukwa cha 85/15? Safunsa anadya phula. Yankho lake mulipemphe lolembedwa, ndipo mutsimikizire nokha pa GI Bill Comparison Tool, tsamba la pa intaneti la VA, kuti pulogalamuyo ndi yovomerezeka.

Dziwaninso kuti VA imalipira maola amene alembedwa mu silabasi okha. FAA imalola laisensi yoyamba pa maola 35 pansi pa Part 141, koma ndi ochepa amene amakhoza pa maola amenewo, chifukwa kungoimitsa helikopita malo amodzi m'malere kumavutitsa anthu kwa masabata. Maola oonjezerawo mudzalipira nokha, ndiye sungani ndalama yapadera.

Tsopano nkhani imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse ndi ya chipatala. Kuti mugwire ntchito yolipidwa muyenera kukhala ndi chiphaso cha umoyo cha FAA, chosachepera second class, chochokera kwa dokotala wovomerezeka ndi FAA. Asilikali ambiri akamatuluka amalembetsa ku VA matenda onse amene anawapeza ali pa ntchito, monga kubanika kutulo, kuvulala m'mutu kapena PTSD (kuvutika maganizo chifukwa cha zoopsa zimene munthu anakumana nazo), ndipo ndi ufulu wawo kutero. Koma fomu ya FAA imafunsa mwachindunji ngati mumalandira ndalama za ulumali, ndipo nthambi ziwirizi zimatha kuyerekezera zolembedwa zawo. Mu 2023 zinadziwika kuti FAA inkafufuza oyendetsa ndege pafupifupi 4,800 pa nkhani yomweyi. Kukhala ndi matenda olembedwa ku VA sikutseka njira nthawi zonse, chifukwa ambiri amapatsidwa chilolezo chapadera akapereka mapepala okwanira, koma kubisa ndi mlandu umene ungakulanditseni malaisensi onse. Kaonaneni ndi dokotala wa FAA musanaononge ngakhale mwezi umodzi wa GI Bill. Ngati mudzapatsidwa gawo la ulumali, funsaninso za Chapter 31, pulogalamu ina ya VA imene nthawi zina imalipira maphunziro a ntchito, ngakhale kuti kumeneko mlangizi ndiye amagamula ngati ntchito yoyendetsa helikopita ikuyenerana ndi thanzi lanu.

Simunanene ngati munatenga kale unzika wa America. Ngati mukadali pa green card, chilolezo chokhala m'dzikolo popanda unzika, muyenera kuyamba mwavomerezedwa ndi TSA, nthambi yoona za chitetezo cha maulendo, musanayambe kuphunzira kuuluka, zimene zimafuna zidindo za zala ndi kudikira. Kuli bwino kumaliza za unzika mukadali mu yunifolomu, popeza kwa msilikali njira yake ndi yaifupi. Ndipo unzika ukakhalapo, makaniko ngati inu akhoza kupempha udindo wa usilikali wotchedwa warrant officer n'kukaphunzira kuuluka ku sukulu ya asilikali ku Alabama osakhudza GI Bill n'komwe, kungoti akatero amamangidwa kutumikira zaka zina khumi.

Mukamaliza digiri mudzakhala ndi maola pafupifupi 200, ndipo makampani akuluakulu sakulembani ndi maola amenewo. Pafupifupi aliyense amayamba ndi kuphunzitsa ena, ndipo lamulo lapadera la SFAR 73 limafuna maola 200 mu helikopita, 50 mwa iwo m'mahelikopita a Robinson, musanaloledwe kuphunzitsa mu R22 kapena R44. N'chifukwa chake sukulu yokunyengererani ndi helikopita yaikulu ya injini ya turbine kuyambira pachiyambi ikukupusitsani, pakuti ntchito yanu yoyamba idzakhala mu Robinson. Mudzaphunzitsa pa malipiro ochepa chaka chimodzi kapena ziwiri kufikira maola 1,000, kenako n'kupeza ntchito yoyendetsa alendo ku Grand Canyon kapena ku Alaska, kapena yonyamula ogwira ntchito pa zitsime za mafuta za m'nyanja, pamene ntchito ya ambulansi ya m'mlengalenga nthawi zambiri imafuna maola 2,000. Choncho pofunsa za sukulu, funsaninso kuti mwa aphunzitsi amene ilinawo panopa, ndi angati amene anaphunzira pomwepo.