Nkhasi yanu yatupa maso: vuto lili m'chitini cha chakudya ndi pa nyali

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Leeds. Mnzawo wa kuntchito posamuka anawasiyira nkhasi, ija yokhala ndi mzere wofiira kumbuyo kwa diso, imene kumeneko amaitcha red-eared slider. Ili ndi zaka 5. Iwo analemba kuti: "Ndimaipatsa tinkhanu touma ta m'chitini m'mawa ndi madzulo, ndipo imadya bwino ndithu. Koma masiku ano maso atupa, imangokhala chotsinzina, ndipo chigoba ndikachidina chikukhala ngati chafewa. Kodi ndiwonjezere usipa? Ana nthawi zina amaiponyera buledi."

Mayi, mwachita bwino kulemba msanga. Ndiyambe ndi zosafunika kugoneka: sabata ino pitani nayo kwa dokotala wa ziweto, ndipo musanapite imbani mufunse ngati amaona nyama zokwawa, chifukwa ambiri anazolowera agalu ndi amphaka okha. Chigoba cha nkhasi ya zaka 5 chimayenera kukhala gwa ngati mwala. Chikafewa ndiye kuti thupi layamba kutapa kashiamu m'mafupa ake omwe. Maso otupa nthawi zambiri amasonyeza kuperewera kwa vitamini A, ngakhale madzi akuda amathanso kutupitsa maso. Musaigulire nokha madontho a vitamini A, chifukwa akachuluka amasupula khungu.

Tsopano za chitini chija. Tinkhanu touma timeneti ndi ngati switi kwa mwana: amazikonda, koma sangakule nazo. Mulibe vitamini A wokwanira, ndipo nkhasi ikatizolowera imayamba kukana china chilichonse. Chimandipweteka n'choti pachitinipo amajambula nkhasi, ndiye munthu wofuna kusamala chiweto chake amagula ndi mtima wabwino, osadziwa kuti akuchidwalitsa pang'onopang'ono.

Mtundu wa nkhasi yanu kwawo ndi m'madambo ndi m'mitsinje ya chigwa cha Mississippi ku America. Ikakhala yaing'ono imakonda nyama: tizilombo ta m'madzi, nkhono, tinsomba. Ikamakula imatembenukira ku zomera, moti yaikulu ngati yanuyi, chakudya chake chambiri chizikhala masamba. Maziko akhale timibulu topangidwira nkhasi za m'madzi, monga ReptoMin, popeza muli kale kashiamu ndi mavitamini. Muyezo wake ndi wosavuta: yang'anani mutu wake popanda khosi, muganize kuti ndi kachikho, timibulu tongodzaza kachikhoko n'tokwanira. Muziipatsa katatu pa sabata, osati kawiri pa tsiku. Masamba okha ndiye tsiku lililonse.

Masamba ake ati? Letesi wa romaine, masamba a dandelion (kachomera ka maluwa achikasu komera m'kapinga) othothola pamalo osapoperedwa mankhwala, mpiru, ndi nkhwani ngati mwabzala maungu kuseri m'chilimwe. Karoti wopala ndi dzungu kamodzikamodzi zimathandiza pa vitamini A. Letesi wa iceberg ndi madzi okhaokha, musataye naye ndalama. Sipinachi ndi bonongwe zikhale za apo ndi apo, chifukwa zili ndi asidi amene amagwira kashiamu kuti asalowe m'thupi. Chigwada chachiwisi ayi ndithu. Ife timachisinja ndi kuchiphika nthawi yaitali kuti ululu uchoke, nkhasi ilibe woichitira zimenezo.

Ikana, ndikuuziranitu. Yanga itabwera inakana masamba pafupifupi milungu iwiri. Ndikangodutsa pafupi ndi thanki, inkathamangira pagalasi, miyendo phaphapha, khosi lili tolotolo, maso ali pa dzanja langa. Mtima unkandiwawa. Koma ndinkangosiya tsamba likuyandama m'mawa n'kukalichotsa madzulo. Tsiku lina ndinapeza m'mphepete mwa tsambalo mwadyedwa timabala tatatu tooneka ngati mlomo wa mbalame. Kuyambira pamenepo nkhondo inatha. Kupempha kumeneku si njala. Nkhasi imapempha ngakhale itangodya kumene, ndipo ikanenepa mumaona mnofu ukutuluka m'mbali mwa miyendo, ikulephera kubisala bwino m'chigoba. Kungoti yanuyi ikudwala, ndiye musaiyese ndi njala dokotala asanaione.

Za usipa. Ndikumvetsa chifukwa chake mwauganizira, ndipo nsomba yathunthu, ya mafupa ake omwe, ndi yabwino kuposa mnofu wokhawokha. Vuto ndi mchere. Usipa wina amauwiritsa m'madzi a mchere asanauyanike, ndipo impso za nkhasi sizilimbana nawo. Ngati muli ndi wongoyanika padzuwa wopanda mchere, uviikeni kaye, muipatse umodzi kapena uwiri kamodzi pa sabata. Nyongolotsi ndi nkhululu za kusitolo ya ziweto ndi zabwinonso. Buledi, nsima, mkaka, tchizi, soseji ndi nkhuku yaiwisi, zonsezi anawo muwauze kuti asiye. Chakudya chonse muziponya m'madzi, chifukwa nkhasi ya mtundu umenewu simeza bwino pouma.

M'kalata yanu simunatchule nyali, ndipo ndikuganiza kuti gwero la chigoba chofewacho ndi limeneli. Mutha kuipatsa kashiamu yense, kuiponyera ngakhale fupa la cuttlefish lija amapachikira mbalame kuti izikukuta, koma popanda UVB, kuwala kwina kwa dzuwa kosaoneka ndi maso, khungu lake silipanga vitamini D3, ndipo popanda D3 kashiamuyo amangodutsa. Kwathu nkhasi za ku Shire ndi za kunyanja sizisowa dzuwa. Ku Leeds m'nyengo yozizira dzuwa silikhalitsa, komanso kuika thanki pawindo sikuthandiza chifukwa galasi limatchinga UVB. Mufunika nyali ziwiri pamwamba pa malo ouma pomwe imakwera: ya UVB ndi yotenthetsa, zoyaka maola 10 mpaka 12 pa tsiku. Pamalo owotherapo pazifika madigiri 30 mpaka 32, madzi akhale cha m'ma 24 mpaka 26. Ikazizidwa, chakudya sichigayika. Nyali ya UVB imatha mphamvu ikuwalabe, choncho lembani tsiku limene mwaiika, muisinthe pakatha miyezi 6 mpaka 12 malinga ndi mtundu wake. Ngati mnzanu uja anakusiyirani yake yakale, ingogulani ina.

Popeza m'nyumbamo muli ana, ndinene izinso. Nkhasi zimanyamula tizilombo ta salmonella, totsegula anthu m'mimba, ngakhale zikuoneka zathanzi, n'chifukwa chake dziko la America linaletsa kugulitsa tinkhasi tating'ono tosakwana mainchesi 4 mu 1975. Aliyense akaigwira kapena kukhudza madzi ake asambe m'manja ndi sopo, ndipo madzi a m'thanki musamatayire m'sinki ya kukhitchini.

Popita kwa dokotala tengani chitini chija ndi chithunzi cha thanki yonse, nyali zikuoneka. Nkhasiyo muiike m'kabokosi kokhala ndi thaulo lonyowa pang'ono, osati m'madzi, ndipo muifunditse isazizidwe m'njira. Mukabwerako mundilemberenso, ndimve zimene apeza.