Mphoto za akatswiri a kakulidwe ka mluza: yankho kwa wophunzira wa ku Bunda

Wophunzira wina wa ku Bunda wanditumizira imelo yofunsa za msonkhano wa chaka ndi chaka wa akatswiri ofufuza mmene chamoyo chimakulira kuchokera pa dzira limodzi mpaka kukhala nyama yathunthu. Akufuna kudziwa kuti mphoto zoperekedwa kumeneko n'zotani, ndiponso ngati wophunzira wa kuno kwathu ali ndi chifukwa chozitsatira. Achemwali, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo ndaona kuti ndiyankhire pano kuti ena apindule nawo.

Misonkhano yotereyi ilipo ingapo, koma wodziwika kwambiri ndi wa bungwe la Society for Developmental Biology la ku America, limene linayamba mu 1939. Mphoto yake yaikulu ndi mendulo ya Edwin G. Conklin, imene inayamba kuperekedwa mu 1995 kwa katswiri amene wachita kafukufuku wozama kwa zaka zambiri komanso waphunzitsa ofufuza achinyamata. Palinso mphoto ya Elizabeth D. Hay ya amene angoyamba kumene kutsogolera labotale yawo. Ku Britain, bungwe la British Society for Developmental Biology limapereka mendulo ya Waddington kwa akuluakulu, ndi ya Beddington kwa wophunzira amene walemba bwino koposa kafukufuku wa digiri ya PhD.

Mayina a mendulo paokha sakuthandizani kwambiri. Chofunika n'kuona mtundu wa ntchito imene imalemekezedwa, ndipo chitsanzo chabwino ndi John Gurdon, amene analandira mendulo ya Conklin mu 2001. Mu 1962 iye anasonyeza kuti ukatenga phata (chigawo chosunga malangizo a chibadwa) la selo ya m'matumbo a mbululu n'kuliika m'dzira la chule limene lachotsedwa phata lake, dziralo likhoza kukula n'kukhala mbululu yosambira. Tanthauzo lake linali lakuti selo imene yakhwima kale pa ntchito yake siitaya malangizo opangira thupi lonse, koma imangosiya ena osawagwiritsa ntchito. Panadutsa zaka 50 kuti alandire mphoto ya Nobel mu 2012, pamodzi ndi Shinya Yamanaka wa ku Japan, amene anapeza njira yobwezera selo yokhwima ku ubwana wake. Chule amene Gurdon anagwiritsa ntchito, wotchedwa Xenopus laevis, kwawo ndi kumwera kwa Africa kuno, ndipo mpaka lero amawetedwa m'malabotale a m'mayiko ambiri.

Mphoto imene ine imandikhudza mtima koposa ndi ya Viktor Hamburger, yoperekedwa ndi bungwe la ku America lija kwa mphunzitsi waluso. Hamburger ndi mnzake Howard Hamilton anasindikiza mu 1951 ndondomeko yogawa kakulidwe ka mwanapiye m'dzira m'magawo 46, kuyambira pamene dzira laikiridwa mpaka kuswa pa tsiku la 21, ndipo ofufuza akuigwiritsabe ntchito. Inu amene mukuphunzira za ziweto muli ndi mwayi pamenepa, chifukwa mazira ndi makina ofungatira si zinthu zosowa m'Lilongwe muno, ndipo munthu amene watsegula dzira lofungatiridwa masiku atatu n'kuona kamtima kakugunda amamvetsa phunziroli kuposa amene wangoloweza za m'buku.

Pa funso lanu lachiwiri, ndikuyankha kuti inde, chifukwa chilipo. Mwana akangoyamba kuumbika m'mimba, kachubu kamene kadzakhale ubongo ndi mtsempha wa msana kamatsekeka pasanathe masiku pafupifupi 28, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati. Kachubuko kakalephera kutsekeka bwino, mwana amabadwa ndi chotupa kumsana, vuto lotchedwa spina bifida. Kafukufuku wamkulu wotsogoleredwa ndi akatswiri a ku Britain, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1991, anatsimikiza kuti vitamini wotchedwa folic acid amachepetsa kwambiri vutoli. N'chifukwa chake mankhwalawa amafunika mayi asanaime, osati kuyembekezera tsiku loyamba sikelo, pamene nthawi yoteteza vuto limeneli imakhala itadutsa kale. Uthenga umenewu ndi wofunika ufike kwa mayi aliyense, ndipo muzu wake ndi sayansi yomweyi.

Chinanso ndi nsomba za m'nyanja yathu. Mbuna zilipo za mitundu yambirimbiri, zina za nsagwada zazifupi zolimba zopalira ndere pa miyala, zina za nsagwada zazitali zoyamwira chakudya choyandama m'madzi. Craig Albertson ndi Thomas Kocher, pamodzi ndi anzawo, anasonyeza kuti gene (kachigawo ka malangizo a chibadwa) yotchedwa bmp4 imathandiza kusiyanitsa kaumbidwe ka nsagwadazi nsomba ikadali mluza. Ntchito yaikulu yotereyi imachitikira m'malabotale akunja, ndipo ndimalakalaka ana a dziko lino atamatsogolera mbali ina ya kafukufukuyu, popeza nyanjayo ili pakhomo pathu.

Mukamatsatira msonkhano, musangoyang'ana amene avekedwa mendulo. Nkhani imene wolandira mphoto amakamba imakhala yothandiza, chifukwa amafotokoza ulendo wonse wa kafukufuku wake m'mawu osavuta, ndipo zina mwa nkhanizi zimaikidwa pa intaneti. Koma zatsopano zenizeni zimapezeka pa gawo la mapositala, pamene ophunzira amaimirira pafupi ndi pepala lalikulu losonyeza zimene apeza n'kumayankha mafunso a aliyense wodutsa. Gawoli lili ndi mphoto zakezake, ndipo mabungwe onse awiri ndatchula aja amathandizako ophunzira ena ndalama zoyendera. Werengani ndandanda ya msonkhano ikatuluka, sankhani mitu iwiri kapena itatu yokhudza nkhuku, nsomba kapena achule, ndipo mukaipereke kwa aphunzitsi anu kuti muone limodzi chimene chingatheke ndi zipangizo zimene muli nazo ku Bunda.