Tebulo la Mafunso Likasamukira pa Foni

Makalata a mwezi uno achokera kwa owerenga athu a mu Harare, ndipo ayankhidwa ndi odziwa ntchito ya m'malaibulale omwe amathandiza tsamba lino.

Akulu a tsamba lino, ndimagwira ntchito m'laibulale ya koleji ina yaing'ono m'tauni muno. Tilipo awiri basi. Ophunzira adasiya kubwera pa tebulo la mafunso, m'malo mwake amanditumizira mauthenga pa WhatsApp yanga, ena 11 koloko usiku. Ndikufuna kukonza zimenezi, koma abwana akuti kulowa ZimLA, bungwe la ogwira ntchito m'malaibulale, n'kutaya ndalama. Kodi bungweli lingandithandize chiyani? — Mayi wa ku Highfield

Mayi, abwana anuwo muwauze zoona zokhazokha: bungwe silidzakugulirani foni kapena bandulo. Chimene mudzapezeko ndi anthu omwe adakumana kale ndi vuto lanuli, komanso malangizo olembedwa oti muwaike pa desiki ya abwanawo. Zimbabwe Library Association (ZimLA) ili ndi nthambi m'zigawo, ndipo imachititsa msonkhano wapachaka ndi maphunziro afupiafupi. Kudzera m'bungweli mumamvanso za SCECSAL, msonkhano wa mabungwe a malaibulale a kum'mawa, pakati ndi kummwera kwa Africa, womwe udayamba mu 1974 ndipo umachitika zaka ziwiri zilizonse. Wa 2014 udachitikira kwathu ku Lilongwe. Pamwamba pake pali AfLIA, ya Africa yonse, yokhala ku Accra, ndi IFLA, ya dziko lonse lapansi, yomwe ili ndi gawo loona za kuyankha mafunso a owerenga ndipo idatulutsa malangizo a kayankhidwe ka pa intaneti. Malangizowo aliyense angawawerenge kwaulere.

Tsono ntchito yeniyeni nayi. Chotsani laibulale pa nambala yanu. Koleji igule simu yakeyake, yolembetsedwa m'dzina la koleji, ndipo muikemo WhatsApp Business. Nambala ikakhala ya munthu, tsiku lomwe munthuyo wasiya ntchito amapita nayo pamodzi ndi mafunso onse, ophunzira n'kumangolembera munthu amene salinso pakolejipo. Yatsani chitetezo cha manambala 6 achinsinsi, ndipo manambalawo adziwe anthu awiri, inu ndi mnzanuyo. Akaunti imodzi imalola kulumikiza zipangizo zina 4, choncho mutha kumayankha pa kompyuta ya pa tebulo, pomwe kulemba ndi kutumiza maulalo n'kosavuta. Koma foni yeniyeniyo isamangogona m'dirowa: ikatha masiku 14 osatsegulidwa, zipangizo zolumikizidwazo zimatuluka zokha.

Kenako lembani uthenga wodziyankha wokha wa nthawi yomwe mwatseka. Unene zinthu ziwiri: maola ogwira ntchito, ndi nthawi yomwe wofunsa ayembekezere yankho. Musalonjeze zomwe anthu awiri sangakwanitse. Ndi bwino kunena kuti mudzayankha pasanathe tsiku limodzi la ntchito n'kumakwaniritsa. Dziwaninso kuti uthenga umenewu umatumizidwa pokhapokha foni ili pa intaneti. Mukaisiya muofesi, magetsi n'kuzima, rauta n'kufa, wofunsa salandira kanthu. Muziisiya yodzaza moto ndiponso ili ndi bandulo yakeyake. Mafunso obwerezabwereza, monga a nthawi yotsegula, chindapusa cha buku lochedwa kapena kalembedwe ka maumboni kumapeto kwa asainimenti, muwakonzeretu mayankho. Mukalemba chizindikiro cha / amatuluka okha.

Pomwe ambiri amagwa m'pakufulumira. Pa tebulo mumaona nkhope ya munthu, mumaona yunifolomu, mumamva kukayika m'mawu ake. Pa foni mumangoona mzere umodzi: "Ndikufuna za kolera." Wosazolowera amathamangira pa Google, n'kutumiza maulalo asanu, n'kuganiza kuti wathandiza. Mu 1996 nthambi ya American Library Association yomwe lero imatchedwa RUSA idalemba makhalidwe a woyankha mafunso: akhale wofikirika, asonyeze chidwi, amvetsere ndi kufunsitsa, afufuze, ndipo abwererenso kwa wofunsayo. Lachitatulo ndilo limatayika pa WhatsApp. Musanafufuze, bwezani mafunso: ndi za phunziro liti? Mukufuna za kachiritsidwe ka matendawa kapena za madzi ndi zimbudzi? Za mliri wa 2008 kapena wa 2018 womwe udavuta ku Glen View ndi ku Budiriro? Aphunzitsi akufuna maumboni angati, ndipo mukupereka liti? Wophunzira za unamwino ndi wophunzira za kayendetsedwe ka mzinda amalemba mzere wofananawo, koma zomwe akufuna n'zosiyana kutalitali. Mukatumiza yankho, nenani mawu omwe mwafufuzira ndi komwe mwafufuza, kuti ulendo wina ayambe yekha. Mawa lake mufunseni ngati zathandiza.

Lembani funso lililonse. Kope wamba kapena Google Sheets n'zokwanira: tsiku, nthawi, njira yomwe funso labwerera, mutu wake, mphindi zomwe mwathera, ndiponso ngati mwayankha kapena mwatumiza kwina. Onjezani kulemera kwa funso potsata muyeso wa READ, womwe umayambira pa 1 kufika pa 6. Pa 1 pali mafunso ngati "mumatseka nthawi yanji?", pa 3 pali ofuna kufufuza pang'ono m'katalogi, ndipo pa 6 pali ofuna masiku angapo ndi kufunsa akatswiri ena. Dzina ndi nambala ya wofunsa musalembe m'kaundulayu. Lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021, lomwe amaliyang'anira ndi a POTRAZ, limateteza zinthu zotere, ndipo ngakhale pakadapanda lamulo, wophunzira amene wafunsa za matenda opatsirana pogonana ayenera kusungiridwa chinsinsi. Pa chifukwa chomwechi, musayankhire mafunso m'gulupu ya kalasi.

Pakatha miyezi itatu, tengani kaundulayo kwa abwana. Mukawaonetsa kuti mafunso ambiri amabwera pakati pa 6 ndi 9 koloko madzulo, ndipo ambiri ndi a pa 3 kupita m'mwamba, nkhani ya kusinthana maola ndi ya ndalama ya umembala imayamba kumveka. Kaundula yemweyo ndi amene mungapite naye ku msonkhano wa nthambi. Ife timaona kuti membala wobwera ndi ziwerengero zake amapindula kuposa wobwera kudzangomvera, chifukwa anzake amakhala ndi poyambira pomulangiza.

Achimwene, mwana wanga ali chaka chachiwiri ku yunivesite. Adapita kulaibulale ndi mndandanda wa mabuku ndi nkhani 8 zomwe ChatGPT idamupatsa, koma wa kulaibulale adangopezapo ziwiri. Kodi laibulaleyo ndi yosauka, kapena wantchitoyo ndi waulesi? — Bambo wa ku Mufakose

Bambo, wantchitoyo musamuda. N'kutheka kwambiri kuti zina mwa 6 zosowazo sizidalembedwepo n'komwe. Mapulogalamu ngati ChatGPT amalumikiza mawu potsata zomwe zimakonda kutsatizana m'zolembedwa zomwe adaphunzitsidwa nazo. Motero atha kutenga dzina la mphunzitsi weniweni, magazini yeniyeni ya kafukufuku ndi chaka chomveka bwino, n'kupanga mutu womwe kulibe. Vutoli limakula pa nkhani za kuno kwathu, poti zolembedwa za Zimbabwe ndi Malawi pa intaneti n'zochepa.

Kutsimikiza kumatenga mphindi zitatu pa umboni uliwonse. Mwanayo akopere mutu wonse, autsekere m'zizindikiro za mawu ogwidwa, n'kuufufuza pa Google Scholar. Ngati pali DOI, nambala yozindikiritsa nkhani ya kafukufuku, yomwe nthawi zonse imayamba ndi 10 ndi kadontho, aiike pa doi.org. Ikakana kutseguka, kapena ikatsegula nkhani ina, umboniwo autaye. Ikakhala magazini ya mu Africa, ayang'ane pa African Journals Online, apite pa voliyumu ndi chaka chomwe chatchulidwacho, aone ngati nkhaniyo ilipodi. Zolemba za ophunzira a digiri yachiwiri ndi yachitatu zimapezeka m'nkhokwe za pa intaneti za mayunivesite. Ya University of Zimbabwe ilipo ndipo ndi yotseguka kwa aliyense. IFLA idatulutsa chikalata chake cha malaibulale ndi luntha la makina mu 2020, ChatGPT isanatuluke mu November 2022, ndipo mfundo yake imodzi ndi yoti malaibulale aziphunzitsa owerenga kumvetsa momwe zipangizozi zimagwirira ntchito. Choncho mwanayo abwerere kwa wantchito yemweyo, amupemphe kuti afufuze limodzi kuyambira pa mutu wa asainimenti, osati pa mndandanda uja.

Ndine namwino pa kiliniki ina ya mpingo. Mnzanga adandipatsa pasiwedi ya Hinari ya kuntchito kwake, koma yasiya kugwira. Mungandipezere ina? — Mayi wa ku Dzivarasekwa

Ayi, mayi, ndipo ya mnzanuyo muisiye. Hinari, njira yowerengera magazini a kafukufuku wa zaumoyo pa intaneti, idayambitsidwa ndi World Health Organization mu 2002, ndipo tsopano ili pansi pa Research4Life pamodzi ndi AGORA ya zaulimi, OARE ya zachilengedwe, ARDI ya zaluso ndi GOALI ya zamalamulo. Amalembetsa ndi malo antchito osachita malonda, monga mayunivesite, zipatala zophunzitsira, malo a kafukufuku ndi maofesi a boma, osati munthu payekha. Pasiwedi ikayamba kuyendayenda kunja, kapena wina akakopera magazini yonse nthawi imodzi, eni ake atha kutseka malo onsewo, anthu mazana n'kuvutika chifukwa cha mmodzi. N'chimodzimodzi ndi magazini omwe mayunivesite amagula pamodzi kudzera mu Zimbabwe University Libraries Consortium. Pemphani akuluakulu a kiliniki kapena a likulu la mpingo afunsire kulembetsa pa tsamba la Research4Life, n'kutchula munthu mmodzi woyang'anira. Podikira, gwiritsani ntchito PubMed Central ndi DOAJ, nkhokwe za pa intaneti za nkhani za kafukufuku zomwe sizifuna pasiwedi.

Laibulale ya pasukulu pathu ili ndi laputopu imodzi ndi rauta. Magetsi akazima zonse zimaima. Tigule chiyani? — Mphunzitsi wa ku Epworth

Aphunzitsi, yambani mwawerengera. Rauta imadya pafupifupi mawati 10, laputopu pafupifupi 50, zonse pamodzi 60. Batire la 12V 100Ah limasunga mawati 1,200 a ola limodzi, koma likakhala la asidi musamalimalize kupitirira theka, apo ayi silikhalitsa. Mwatsala ndi 600. Mukagawa ndi 60 mupeza maola 10, ndipo mukachotsa zomwe inverter imadya yokha, yembekezani maola ngati 8. Osalumikizapo ketulo kapena pulinta ya laser. Ikaninso pulogalamu yaulere ya Kiwix, yomwe imasunga Wikipedia m'kompyuta momwemo. Ya Chingerezi yokhala ndi zithunzi imafuna malo opitirira magigabaiti 100, choncho kaikopereni pomwe pali intaneti yamphamvu, muibweretse pa hard drive.

Agogo anga aamuna adachoka ku Dedza kubwera kuno nthawi ya Mthandizi, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za ku Rhodesia, ndipo adamwalira osabwererako. Ndafufuza dzina lawo pa Google koma palibe chatuluka. Kodi a laibulale angandithandize? — Mdzukulu wa ku Mbare

Angakuthandizeni, achimwene, koma osati pokupezerani dzinalo pa kompyuta. Zolemba zambiri za nthawi imeneyo zikadali pa mapepala, ndipo zidasanjidwa potsata ofesi yomwe idazilemba, osati potsata maina a anthu. Ntchito ya woyankha mafunso pano ndi kukulozerani khomo loyenera ndi kukukonzekeretsani musanagogode.

Makomo ndi awiri. Loyamba ndi National Archives of Zimbabwe, mumsewu wa Borrowdale, yomwe idakhazikitsidwa mu 1935. Lachiwiri ndi National Archives of Malawi ku Zomba, yomwe idatsegulidwa mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives. Mbiri imeneyi ikutanthauza kuti nkhani ya munthu mmodzi itha kukhala mbali zonse ziwiri. Pano m'pamene kudziwana kwa mamembala a ZimLA ndi a Malawi Library Association kumagwira ntchito: wa kulaibulale ya kuno atha kukulemberani kalata yomveka bwino, kapena kukupezerani woti mulankhule naye ku Zomba musanawononge ndalama ya basi.

Musanapite kulikonse, khalani pansi ndi achikulire omwe atsala, a kubanja, a kumpingo, a kumzikiti kapena a kubungwe la maliro. Lembani dzina la kubadwa, dzina la ubatizo, mfunda, mudzi, nyakwawa ndi mfumu yaikulu ya kwawo. Lembaninso famu, mgodi kapena fakitale yomwe adagwirako, ndi zaka zake, ngakhale zongoyerekeza. Makalaliki a nthawi imeneyo ankalemba maina momwe awamvera, choncho Phiri atha kupezeka ngati Piri, ndipo ambiri adalembedwa ndi dzina limodzi lokha kapena dzina la pantchito. Ngati m'sutikesi yakale muli chitupa, khadi la penshoni kapena kalata yochokera kumudzi, jambulani mbali zonse ziwiri ndi foni, masitampu ndi manambala azioneka bwino. Zenizenizo muzisiye kunyumba mu envulopu youma, ndipo popita ku Archives musaiwale chiphaso chanu ndi pensulo.