Masiku awiri ku Edinburgh: yambani ndi Royal Mile

Amayi, mwafunsa kuti pa masiku awiri amene mudzakhale ku Edinburgh, likulu la Scotland, mungaone malo ati akale popanda kudalira mabasi onyamula alendo. Langizo langa ndi lakuti tsiku loyamba lonse muyende wapansi mumsewu umodzi wotchedwa Royal Mile, umene umatsetsereka kuchokera ku linga la Edinburgh Castle mpaka ku nyumba yachifumu ya Holyroodhouse.

Yambirani kumtunda m'mamawa, mutagula kale tikiti yolowera m'lingali pa intaneti. Lingali linamangidwa pathanthwe la phiri lomwe kalekale linkaphulika moto, ndipo m'kati mwake muli katchalitchi ka St Margaret, kamene Mfumu David I inamanga cha m'ma 1130 pokumbukira mayi ake. Ndi nyumba yakale kuposa zonse mumzindawu, koma ambiri amaidutsa pothamangira kukaona chisoti chachifumu, zomwe ine ndimaona kuti ndi kutaya mwayi. Nthawi ya 1 koloko masana amaomba mzinga, mwambo umene unayamba mu 1861 pofuna kuthandiza oyendetsa sitima zapamadzi kutchera mawotchi awo. Lamlungu saomba.

Pamene ndikupemphani kuti mukhalitse ndi pa tchalitchi cha St Giles, chapakati pa msewuwu. John Knox anakhala mbusa wa pamenepo mu 1559, ndipo ulaliki wake ndiwo unazika chipresibiteriya m'dziko la Scotland. Amishoni amene anatsegula Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876 anachokera m'mipingo yomwe inaphuka pa tsinde limenelo, kotero aliyense amene anakulira mu CCAP ya sinodi ziwirizi akalowa m'menemo amakhala akuona kumene kapembedzedwe kake kanachokera. Mukatuluka, lowaniko m'tinjira topapatiza ta m'mbali mwa msewu, chifukwa ndi m'menemo mudzamvetse mmene anthu ankakhalira mothithikana m'nyumba zosanja mzinda usanakule. Kumunsi, ku Holyroodhouse, amaonetsa zipinda za Mfumukazi Mary ya ku Scotland, kumene mlembi wake David Rizzio anaphedwa mu 1566.

Tsiku lachiwiri ndi lopepuka. Ku National Museum of Scotland kulowa ndi kwaulere, ndipo m'munda wa Princes Street Gardens muli chipilala cha David Livingstone, pafupi ndi Scott Monument, nsanja yokumbukira wolemba mabuku Walter Scott. Ngati ulendo wanu uli mu Ogasiti, sungitsani malo ogona msanga, popeza mwezi umenewo mzinda umadzaza ndi zikondwerero ndipo mitengo imakwera kwambiri. Mutengenso jekete la mvula ndi nsapato zolimba, pakuti misewu yambiri ya kumeneko ndi yamiyala ndiponso yokwera.