Ben Nevis mu Epulo: pansi dzuwa, pamwamba chisanu

Yandipeza imelo yochokera kwa achimwene ena amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds. Apeza masiku opuma mu Epulo, akufuna kukakwera phiri la Ben Nevis ku Scotland ali okha, ndipo akufunsa ngati kuzizira kumakhala kutatha. Kumapeto awonjezera kuti iwo anafikapo pa Sapitwa, ndiye kaphiri ka mamita 1,345 sikangawachititse mantha.

Achimwene, mawu omalizawa ndi amene andikhazika pansi kuti ndilembe, chifukwa ndawamva kangapo pakamwa pa anthu akwathu kuno. N'zoona kuti Sapitwa ndi mamita 3,002. Koma takumbukirani mmene munakwerera. Munagona panjira m'kanyumba kam'phiri, mlonda atakukolezerani moto, ndipo patsogolo panu panali mnyamata wa ku Likhubula wodziwa mwala uliwonse. Chiperoni chitabwera, iye ndiye akanati tibwerere. Ku Ben Nevis mumayambira ku Glen Nevis, pafupi ndi tauni ya Fort William, pamalo ongotsala pang'ono kulingana ndi nyanja. Phiri lonselo mulikwera ndi kulitsika tsiku limodzi, makilomita pafupifupi 17, maola 7 mpaka 9. Lamulo la ku Scotland la 2003 limalola munthu kuyenda m'mapiri momasuka, choncho palibe geti, palibe wokufunsani kuti mwavala chiyani.

Ine ndinakwera mu Epulo ndi mnzanga wina yemwe anakulira m'mapiri amenewa. Pansi kunali kwabwino zedi, tiana ta nkhosa tikudumphadumpha, anthu atavula majekete. Tinadutsa kanyanja kamene kali chapakati pa ulendo, tinawoloka mtsinje wa Red Burn, n'kuyamba njira yokhotakhota ija ya miyala yokhayokha. Kumeneko mphepo inasintha. Tisanathe makhotawo tinali titaponda kale chipale chofewa, kenako chouma gwa, kenako nkhungu inatseka moti thambo ndi nthaka zinangoyera mofanana.

Apo m'pamene tinapeza mnyamata atakhala pamwala, atavala jinzi ndi nsapato zothamangira. Jinziyo inali itanyowa kenako n'kuuma ndi chisanu kuyambira m'mawondo kutsika. Zala zake zinkakanika kutsegula zipi ya chikwama, foni inali itazima chifukwa batire silichedwa kutha pozizira, ndipo mapu ake onse anali m'foni momwemo. Mnzanga anamumwetsa tiyi wa m'fulasiki, ine ndinamupatsa magolovesi anga apadera. Chimene chinandiwawa n'chakuti ankalimbikirabe kuti apitirire, akuti walipira kale sitima ndi malo ogona ndipo tchuthi china sachipeza msanga. Tinatsika naye. Pansonga sitinafikepo tsiku limenelo.

Maganizo a mnyamatayo ndimawamvetsa, ndipo ndi amene amandiopsa kwambiri pa ife obwera. Timagwira mashifiti ausiku, ndalama ina timatumiza kumudzi, ndiye tsiku limodzi lopumalo timafuna litibwezere zonse. Chithunzi cha pansonga chiyenera kupita pa Facebook zivute zitani. Ine ndikunena mosabisa kuti munthu amene sangathe kubwerera atatsala pang'ono kufika asakwere yekha phiri lililonse, kaya ndi mu Epulo kaya mu Julayi. Kuyenda wekha ndimakukonda, ndipo ndimakondwa ndikaona anthu akwathu akutuluka m'matauni kupita kumapiri. Koma woyenda yekha ndiye mtsogoleri wake, ndipo ntchito yaikulu ya mtsogoleri ndi kukana.

Zimandinyansanso mmene ena amakokera anthu ku mpikisano wokwera Ben Nevis, Scafell Pike ndi Yr Wyddfa m'maola 24, ngati kuti mapiriwa ndi masitepe a m'nyumba. Pansonga pa Ben Nevis pali mabwinja a nyumba yoyezera nyengo imene inagwira ntchito kuyambira 1883 mpaka 1904. Anthu ankagona pamenepo chaka chonse chifukwa nyengo yake ndi ina, si ya ku Fort William. Ndipo amene amakanyamula ovulala, a Lochaber Mountain Rescue Team, ndi anthu ongodzipereka, amasiya ntchito ndi mabanja awo usiku kukafunafuna munthu amene sanawerenge za nyengo.

Nanga mupite kapena ayi?

Choopsa chenicheni chili pamwamba pa phirili, pamene pali pafulati. Kumpoto kuli maphompho, ndipo mphepo imaunjika chipale m'mphepete mwake mpaka chimalendewera m'malere. Mukuona ngati nthaka, koma pansi pake palibe kanthu. Milu ya miyala yolozera njira imatha kukwiririka. Potsika mu nkhungu, ambiri amapatukira kumanzere n'kulowa m'chigwembe cha Five Finger Gully, komwe kwafera anthu. Odziwa amachoka pa chipilala cha pansonga ndi kampasi pa madigiri 231 kwa mamita 150 kuti alambalale chigwembe cha Gardyloo Gully, kenako amakhotera pa 282. Ngati manambalawa simukudziwa chochita nawo, pansonga mu Epulo si panu.

Ndiye yankho langa ndi ili. Ngati mumatha mapu apepala ndi kampasi, ndipo munaphunzira kugwiritsa ntchito crampons (zitsulo zosongoka zomangirira kunsi kwa jombo kuti musaterereke) ndi ice axe (kankhwangwa kogwirira pa chipale), pitani. Ngati ayi, lipirani wotsogolera wa ku Fort William, kapena dikirani mpaka Juni, ngakhale kuti nthawi imeneyo timaudzudzu toluma tija timakhala titayamba. Mulimonsemo werengani za nyengo yam'mapiri pa mawebusayiti a zanyengo a MWIS kapena Met Office usiku ndi m'mawa womwe, siyani jinzi kunyumba, tengani jekete ndi buluku losalowa madzi, jombo, chipewa, magolovesi, tochi ndi chakudya. Uzani munthu nthawi imene mubwere. Pakagwa vuto imbani 999, pemphani apolisi, kenako opulumutsa anthu m'mapiri.

Masiku anu a Epulowo musawataye. Kwerani sitima mpaka Glasgow, mukayende gawo la West Highland Way, njira ya makilomita 154 yochokera ku Milngavie kukafika ku Fort William komweko. Kaphiri ka Conic Hill kali panjira yomweyo pafupi ndi Balmaha, ndipo kukacha bwino nyanja ya Loch Lomond imaoneka ndi zilumba zake. Mukafuna kuyesa miyendo, phiri la Ben Lomond ndi mamita 974, koma nalonso muyambe mwaona ngati pamwamba payera.