Tafunsani: Ndinagula nyimbo ndi ndalama zanga, nde zathawira kuti?

Mwezi uno makalata ambiri abwera okhudza masitolo apa intaneti ogulitsa nyimbo, mafilimu ndi ma app, ena okwiya kwambiri moti sitingawasindikize mmene alili kkkk. Tasankhapo anayi.

FUNSO: Achimwene, ine pamene ndimaphunzira ku Joni ndinagula ma album angapo a kwaya komanso mafilimu awiri pa app ina yake, ndinalipira ndi khadi langa bwinobwino. Pano ndabwerera kumudzi, ndasintha dziko pa akaunti kuti likhale Malawi, mafilimu aja sakuonekanso ndipo nyimbo zina akuti sizipezeka mdziko lino. Kodi si kuba kumeneku? Mayi mphunzitsi, Zomba

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri, koma nkhani yake ndi yowawa pang'ono. Batani lija lolembedwa kuti Buy limatipusitsa tonse, chifukwa mukawerenga timalemba ting'onoting'ono timene tonsefe timangodina Agree osawerenga, mupeza kuti chimene mwagula ndi chilolezo choonera kapena kumvera basi, filimuyo si yanu. Zili ngati nyumba ya lendi imene mwalipiriratu, landilodi akagulitsa poloti inu mulibe chonena. Ndipo zilolezozi eni mafilimu ndi nyimbo amazipereka dziko ndi dziko, nde chimene sitolo ili ndi ufulu wogulitsa ku South Africa mwina ilibe ufulu wochionetsa ku Malawi, mukasintha dziko pa akaunti ndi pamene zinthu zimayamba kusowa chonchi.

Si inu nokha ndipo sizinayambe lero. Mu 2009 Amazon inalowa mu ma Kindle a anthu, timakina take towerengera mabuku, nkufufuta mabuku a George Orwell amene anthuwo anali atagula kale, ati amene anawaika pa sitolopo analibe chilolezo, ndalama anabweza koma anthu anakwiya zedi mpaka Jeff Bezos, mkulu wa Amazon nthawi imeneyo, anapepesa. Mu 2019 Microsoft inatseka sitolo yake ya mabuku, mabuku onse amene anthu anagula anasiya kutseguka, nawonso anabweza ndalama koma buku lako lapita basi. Madandaulo anachuluka mpaka ku California mu 2024 anakhazikitsa lamulo loti sitolo isamalembe kuti Buy popanda kumuuza munthu momveka kuti akungogula chilolezo.

Pa nyimbo pokha zinthu zinasinthako. Apple itatsegula iTunes Music Store mu April 2003 nyimbo iliyonse inali ndi loko yotchedwa FairPlay, imangoseweredwa pa iPod, ka player ka Apple yomweyo, ndi pa makompyuta owerengeka amene mwawalembetsa, mukagula player ya kampani ina nyimbo zanu zonse zangokhala chete. Anthu analira mpaka mu 2009 loko ija inachotsedwa pa nyimbo, koma pa mafilimu ndi mabuku ambiri ikadalipo mpaka pano. Nde langizo langa mayi, yesani kaye kuona pa mndandanda wa zimene munagula, pamene palembedwa Purchased kapena Library, nthawi zina zimakhala zangobisala, zikakanika lemberani a sitoloyo muwatumizire risiti ya pa imelo. Ndipo kuyambira lero nyimbo iliyonse imene mwagula ipangeni download tsiku lomwelo, fayilo ya mp3 kapena m4a, muikopere pa flash kapena pa memory card. Koma musasokoneze ndi download ya pa ma app olipira pamwezi aja, imeneyo ndi yongomvera mulibe data, mwezi ukatha osalipira zimatsekeka zonse.

FUNSO: Man, mundithandize masamu apa. Nyimbo imodzi analemba $0.99, ine nkumati ndi zotchipa, koma ku banki andidula ndalama yoposa imene ndimawerengera, kuphatikiza apo bandulo yanga inatha download isanathe. Pamene kwa oberna nyimbo pamsika amandidzadzira memory card yonse ndi ndalama yochepa. Ndipitirize bwanji kugula zolongosoka? Mnyamata wa ku Ndirande

YANKHO: Aise, funso lako ndi lomwe ambiri amaopa kufunsa poyera. Mtengo wa 99 cents uja ndi wa 2003, a Apple anaukonza poganizira thumba la munthu wa ku America, mu 2009 anaugawa patatu, 69 cents, 99 cents ndi $1.29, ndipo nyimbo zimene zikugunda nthawi zambiri zimakhala pa wokwerawo. Ife kuno timalandira makwacha koma tikulipira mu dola, nde kwacha ikagwa mtengo wakwera ngakhale pa sikirini palembedwabe 0.99 yomweyo. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, dola inachoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700, kutanthauza kuti nyimbo imene inali cha pa K1,170 inadzuka mmawa ili cha pa K1,680 popanda woyimba kuonjezera ndi vesi imodzi yomwe. Pamwamba pake banki ili ndi reti yakeyake yogulitsira dola ndi tima charge take, nthawi zinanso khadi limangokanidwa chifukwa cha nkhani ya forex imene tonse tikuidziwa.

Ndiye pali data. Nyimbo ya mp3 ya 128 kbps (muyeso wa kwalite ya mawu) imadya pafupifupi MB imodzi pa miniti, ya 320 kbps imadya kuposa MB ziwiri pa miniti, filimu ndiye usachite kunena, imodzi yokha yooneka bwino imatha kupyola GB. Mzungu amene ali ndi wifi yopanda malire kunyumba saziwerengera zimenezi, iwe umalipira kawiri, kusitolo ndi ku netiweki, nde panga download usiku ndi bandulo yausiku kapena pa wifi, ndipo pa ka sipika ka foni kusiyana kwa 128 ndi 320 sukumva nkomwe, usazivute.

Chokhumudwitsa china ndi chakuti ndalama yako siifika yonse kwa amene anapanga chinthucho. Pa ma app Apple ndi Google akhala akudula 30 peresenti kwa zaka zambiri, mu 2021 ndi pamene anatsitsa kufika 15 peresenti kwa opanga ma app ang'onoang'ono. Pa nyimbo sitolo imatenga yake, kampani yojambulitsa yake, wogawa yake, woyimba amatsalira nyenyeswa. Ngakhale azungu okhaokha anakanganapo za mitengoyi, pa iTunes ku Britain nyimbo inali 79 pence pamene ku France ndi Germany inali 99 cents ya euro yomwe inali yotsikirapo, bungwe la ogula la Which? linadandaula mu 2004, nkhani inakafika ku European Commission ndipo mu 2008 Apple inalonjeza kufananiza mitengo.

Za oberna nyimbo sindikunamiza kuti ndi okwera mtengo ayi, ndi otchipa ndithu, koma kutchipako ndi chifukwa woyimba sanafunsidwe, nchifukwa chake a COSOMA, bungwe loteteza ntchito za oyimba ndi olemba, amalimbana nawo. Maganizo anga ndi akuti ngati ndalama ndi yochepa, iike pa oyimba akwathu amene umawakonda, ukamuonere show kapena ugule kwa iye mwini ngati amagulitsa pa Airtel Money kapena Mpamba, zakunjazo umvere pa ma app aulere okhala ndi malonda aja. Spotify inafika ku Malawi mu 2021 ndipo ili ndi mbali yaulere. Ungosamala ndi free trial yofuna nambala ya khadi, imeneyo mwezi ukatha imayamba kudula yokha osakufunsa, uikanselo tsiku lomwe walembetsa.

FUNSO: Ndinkafuna pulogalamu imodzi yokha yoonera vidiyo pa laputopu. Nditamaliza kuinstola ndinapeza antivirus imene sindinaipemphe, browser yasintha, ndipo malonda akungotumphuka paliponse. Foni yatsopano nayo yabwera ndi ma app ambirimbiri okana kuchotsedwa. Ndi vairasi kodi? Bambo wa ku Kasungu

YANKHO: Bambo, nthawi zambiri si vairasi, ndi bizinesi. Opanga mapulogalamu aulere ambiri amalipidwa pa kompyuta iliyonse imene alowetsapo pulogalamu ya anzawo, nde amaika ka bokosi kochongedwa kale pakati penipeni, inu mukamathamanga Next, Next, Next mwavomera nokha. Mafoni otchipa nawonso chimodzimodzi, mbali ina ya kutchipako ndi ma app amene analipira kuti akhalemo.

Ndipo musaganize kuti ndi timakampani ta mkachipinda tokha. Mu 2008 anthu a Windows amene anali ndi iTunes anapeza kuti pulogalamu ya Apple yopangira update ikuwalowetsera browser ya Safari bokosi litachongedwa kale, mkulu wa Mozilla (opanga browser ya Firefox) nthawi imeneyo John Lilly anadzudzula poyera. Mu 2014 Apple yomweyo inaika album ya gulu la U2 mu ma akaunti pafupifupi 500 miliyoni ati mphatso, anthu anakwiya mpaka anachita kupanga tsamba lapadera lochotsera. Lenovo mu 2015 inagwidwa ndi pulogalamu ya Superfish mu malaputopu ake imene imaika malonda komanso kufooketsa chitetezo, imeneyo nde inali yoopsa zenizeni. Ku Ulaya sanyengerera, Microsoft inalipitsidwa ma euro 497 miliyoni mu 2004 ndipo ina mwa milandu inali kumatirira Windows Media Player mu Windows, Google nayo mu 2018 inapatsidwa chindapusa cha ma euro 4.34 biliyoni pa nkhani ya Android.

Chochita nchosavuta. Pa laputopu pitani pa Control Panel, Programs and Features, sanjani potengera deti, chilichonse chimene chinalowa tsiku limenelo chomwe simukuchidziwa chichotseni, kenako muone ma extension a mu browser. Ulendo wina sankhani Custom osati Express ndipo muziwerenga tsamba lililonse. Ya vidiyo ingotengani VLC pa tsamba lawo lenileni la videolan.org, ndi yaulere ndipo ilibe katundu wobisika. Pa foni, app ikakana Uninstall yang'anani Disable mu Settings, ikakananso itsekereni background data ndi ma notification, bola isiye kukudyerani bandulo. Koma musapange Disable zinthu zimene simukuzidziwa dzina lake, zina ndi zoyendetsa foniyo.

FUNSO: Mwana wanga anagula ma coin a gemu ndi khadi langa, ndalama zingabwerere? Mayi wa ku Area 25

YANKHO: Mwina, koma thamangani mayi. Pa Google Play mwayi waukulu uli mkati mwa maola 48, lowani pa mbiri ya zogula mupemphe refund, pa iPhone ndi pa reportaproblem.apple.com, munene zoona kuti wagula ndi mwana popanda chilolezo. Si nthawi zonse amavomera, makamaka ma coin akakhala atagwiritsidwa kale ntchito. Mukatero ikani zoti pogula chilichonse izifunsa password kapena chala chanu, ndipo password yo mwanayo asaione mukuilemba, ana a masiku ano amaloweza kamodzi kokha.